Botolo limene ndinalidzaza mpaka kukamwa

Mayi anga anandisiyira malamulo awiri amene ndawafufuza m'Malemba osawapeza. Loyamba linali lakuti chiwiya cha madzi sichisiyidwa chatheka. Lachiwiri linali lakuti mbale ya mnzako sibwerera kwawo yopanda kanthu. Pa komboni ya pa famu ya fodya imene ndinabadwira, kufupi ndi Mvurwi, mkazi ankadziwika ndi ndowa zake. Ukalowa m'nyumba n'kupeza madzi ali pakati pa ndowa, unkadziwa kuti mwininyumba akudwala kapena ndi waulesi, ndipo anthu ankayamba afunsa za matenda chifukwa cha ulemu chabe.

Ndinasankha fodya m'shedi zaka zambiri, mpaka fumbi lake linandikhala pachifuwa. Ambuye anandichitira chifundo, ndinapeza ntchito yosesa pa sekondale ya tsidya lina la msewu. Chaka chachiwiri anandipatsa makiyi a labu, chipinda chimene ana amaphunziriramo za mankhwala, poona kuti ndinali ndisanaswepo kapu ya munthu. Ndinkatsuka timabotolo tagalasi, kupukuta matebulo ndi kutunga madzi pa mjigo, umene kuno timautcha chibhorani, chifukwa mipope ya m'chipindamo inali yongokongoletsa.

Mphunzitsi wa m'labumo anali bambo wachinyamata wa ku Norton, wowonda, woyenda ngati wachedwa ngakhale pa tsiku lopuma. Ankanditchula kuti amai, ine ndinkawatchula kuti aphunzitsi, ngakhale kuti msinkhu wawo unali wa mwana wanga woyamba. Tinkalankhulana m'Chishona, koma pano ndilemba m'chinenero chathu. Mwana wanga wamkazi, mzime wanga, anali m'kalasi mwawo, Fomu 4, ndipo mutu wake unkagwira zinthu zimenezi ngati mmene dothi louma limamwera mvula yoyamba.

Sukulu yathu inkaphunzitsa za mankhwala kulekeza Fomu 4. Chaka chimenecho inapempha chilolezo chophunzitsanso Fomu 5 ndi 6, ndipo akuluakulu a zamaphunziro anayankha kuti kudzabwera woyendera sukulu kudzaona labu ndi phunziro limodzi. Akanakana, mwana wofuna kupitiriza akanayenera kupita ku sukulu yogonera komweko, kutali. Kwa mwana wa pa komboni zimenezo zinkatanthauza chinthu chimodzi: benchi limene ndinalisiya m'shedi muja linkamudikira. Nkhani imeneyi ndinkaipereka kwa Ambuye m'mawa uliwonse, ndipo sindinkaizungulira. Ndinkawauza kuti mwana uyu asapume fumbi limene ndinapuma ine.

Aphunzitsi anasankha phunziro lokwererapo pang'ono, kuti woyenderayo aone kuti ana athu si otsalira. Pa shelefu ya pamwamba panali bokosi la mankhwala akale amene sukulu inapatsidwa kuchokera ku Mhangura mgodi wa kumeneko utatsekedwa. M'bokosimo munali kabotolo kabulauni ka ufa woyera, dzina lake sitironshiyamu hayidirokisayidi. Ndinaphunzira kulitchula kwa sabata yathunthu, ndikusesa. Pa chipepala chake panalembedwa Sr(OH)₂, ndipo ufawo unali utatsala wochepa, wosakwana chikhatho cha mwana.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, mwana wanga anakhala pakhonde n'kumalemba mizere yaitali, kenako n'kumaidula ndi cholembera. Ine ndinali kusenda mtedza.

"Iwe, ukulemberanji zinthu zoti uzidulanso? Inki ndi yotola?"

"Ndi mmene amachitira, amayi. Ufa uja ukasungunuka m'madzi umagawanika tizidutswa tosaoneka, timati maayoni. Ndiye timalemba onse amene alowa m'botolo mbali iyi, ndi onse amene atsala pomaliza mbali iyo. Amene akupezeka mbali zonse ziwiri osasintha, timawadula."

"Alakwa chiyani?"

"Sanalakwe. Angobwera kudzaonerera."

Ndinamuuza kuti lamulo limenelo litafika ku tchalitchi kwathu, benchi lonse la kumbuyo likhoza kudulidwa, kuyambira madoda awiri aja amene amalowa ali ndi tulo n'kutuluka ali ndi tulo. Anaseka. Koma mumtima sizinandikomere kwenikweni. Ife a pa komboni kudulidwa m'kaundula tikukudziwa. Abambo anga, amene anachoka kwawo kudzafuna ntchito kuno, anawotcha fodya wa dziko lino moyo wawo wonse, koma anamwalira dzina lawo lisali m'buku la kuno kapena la kwawo. Ndinamuuza mwanayo zimenezo.

"Akadali m'madzimo, amayi," anatero. "Palibe amene wawataya. Kungoti mzere womaliza umanena okhawo amene achitapo kanthu."

Ndinabwerera ku mtedza wanga, chifukwa kumeneko kunali ngati ulaliki, ndipo sindinkayembekeza kulalikiridwa kawiri tsiku limodzi.

Tsopano ndinene za madzi, poti mlandu wanga wagona pamenepo. Aphunzitsi sankasungunulira mankhwala awo m'madzi amene ndinkatunga. Ankagula ku galaja madzi a m'batire, aja amathira m'mabatire a galimoto. Zimenezi zinkandiwawa, ngakhale sindinanenepo. Pa famu madzi a m'batire ankakhala ku wekishopu, pambali pa asidi ndi girizi, ndipo tili ana tinkauzidwa kuti ukawakhudza zala zimathothoka. Pomwe madzi a pa chibhorani chathu anali otchuka. Anthu a m'makomboni ena ankabwera ndi mawilibala kudzatunga, anamwino ankawayamikira, ndipo sanatsegulepo munthu m'mimba. Ndinkaganiza kuti anthu okulira m'tauni ndi otero, sakhulupirira chinthu chimene sichinatuluke m'sitolo. Ndinkawakhululukira.

Woyendera sukulu ankabwera Lachitatu, teni koloko. Lachiwiri masana aphunzitsi anafunditsa madzi a m'batire, anasungunuliramo pafupifupi ufa wonse uja, anasefa, n'kuthira m'botolo lalikulu lagalasi. Madziwo anali mbee, ngati mulibe kanthu. Anayeserera phunziro lawo katatu, akulankhula ndi mipando, mpaka botolo linatsika kufika pakati. Chigubu cha madzi a m'batire chinatheratu. Anatseka botololo ndi chivindikiro cha labala, analiika patebulo la kutsogolo, n'kunyamuka. Sanandiuze kuti ndisalikhudze, chifukwa ndinali ndisanakhudzepo kanthu kawo.

Lachitatu ndinafika dzuwa likutuluka. Unali mwezi wa Juni, chisanu chili waa pa udzu. Ndinatunga ndowa ziwiri, ndinakolopa, ndinapukuta mawindo, ndinachotsa ndi kangaude amene anakhala nafe mwamtendere chaka chonse. Ndiyeno ndinayang'ana patebulo la kutsogolo.

Botolo linali latheka. Komanso pansi pake panali timiyala toyera, ngati mchere wosasinja. Lero ndikudziwa kuti ufa umenewo umasungunuka bwino m'madzi ofunda, koma madzi akazizira wina umabwerera n'kukhala pansi, ndipo mankhwala ake ndi kungofunditsanso botololo. Tsiku limenelo sindinkadziwa. Ndinangoona zimene mkazi aliyense akanaona: shuga watsalira pansi chifukwa madzi achepa, ndiponso mlendo wolemekezeka akubwera kudzapeza chiwiya chatheka patebulo, m'chipinda chimene makiyi ake ndimasunga ine. Ndinakumbukira atumiki aja a pa ukwati wa m'Malemba amene anadzaza mitsuko ndi madzi mpaka kukamwa, ndipo palibe anawadzudzula. Chimene ndinaiwala n'chakuti iwowo anachita kuuzidwa.

Ndinatsegula, ndinatenga jagi yoyera, ndinathira madzi a pa chibhorani mpaka kukamwa, ndinatseka, n'kukhutchumula bwinobwino.

Atumiki aja madzi awo anasanduka vinyo. Anga anasanduka mkaka.

Ndinaimirira n'kumaliyang'ana. Kenako nzeru za kukhitchini zinandiuza kuti chinthu chikakhuthala umachisungunula. Ndinataya theka m'sinki, n'kudzazanso. Linayerabe. Ndinatayanso theka, n'kudzazanso kachitatu. Tsopano linkaoneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo timiyala tija tinali titapita, tina m'madzimo, tambiri m'sinki. Ndinaliika patebulo, ndinagwada pakati pa mabenchi, ndipo ndinakumbutsa Ambuye za mneneri uja amene anachiritsa kasupe woipa ndi mchere wa m'mbale yatsopano. Nditatsegula maso botolo linali chimodzimodzi. Ambuye amayankha mapemphero, koma ndaona kuti sakonda kuthamangira kukonza zimene munthu wawononga ndi jagi yake.

Aphunzitsi analowa cha m'ma seveni, atavala tayi. Ataona botolo anaima pakhomo. Anabwera pang'onopang'ono, analinyamula, analiyang'anitsa pa windo.

"Chivindikiro," anatero motsitsa. "Sindinatseke bwino. Mpweya ukalowa, mankhwala awa amachita mtambo. Ndalakwitsa ndine, amai."

Sanazindikire n'komwe kuti botolo limene analisiya latheka linali lodzaza. Mantha amatseka munthu m'maso. Ine ndinali nditagwira tsache, ndipo khomo lothawira linali litatseguka lokha. Ndikanangoti pepani aphunzitsi, zimachitika, nkhani ikanathera pa chivindikiro. Makiyi anga akanatsala m'thumba mwanga. Ndikuvomereza kuti ndinakhala chete nthawi yokwanira kunena pemphero lalifupi. Ndiye tambala wa alonda analira kuseri kwa labu. Sindikunena kuti anatumidwa. Tambala ameneyo ankalira nthawi iliyonse imene wafuna, ngakhale masana. Koma munthu amene wamva nkhani ya wophunzira uja wa pa moto, amene anakana Ambuye katatu, chaka chilichonse cha moyo wake sangamve tambala pa nthawi ngati imeneyo n'kupitiriza kusesa.

"Aphunzitsi, chivindikiro chilibe mlandu. Ndadzaza ndine."

"Mwadzaza ndi chiyani?"

"Madzi abwino. A pa chibhorani."

"Kangati?"

"Katatu."

Anakhala pa mpando wa ana, maondo ali m'mwamba. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Amai, madzi a pa chibhorani ndi abwino kumwa, koma adutsa m'miyala ndipo anyamula za m'miyalamo. A m'batire ndimawafuna chifukwa mulibe chilichonse. Alibe mlendo."

"Ndiye opanda kanthuwo ndiwo oyera?"

"Muno, inde."

Ndinafunsa ngati tingasefe. Anati zimene zatsala m'botolomo zasukuluka kwambiri, ndipo sangaime pamaso pa woyendera ndi madzi amene iwo eni sakudziwa kuti muli chiyani. Anatsitsa kabotolo kabulauni kaja n'kusuzumiramo. Munali ufa womatirira m'mbali, wokwana mwina kasupuni ka tiyi. Anati ungakwane timachubu tiwiri, popanda kubwereza, akanakhala ndi madzi a m'batire. Koma chigubu chinali chouma, galaja inali m'tauni, ndipo kombi, minibasi ya m'mawa, inali itadutsa kale.

Ine ndinkadziwa kumene kunali madzi amenewo. Kungoti ndinali ndisanapondeko zaka zinayi.

Achimwene anga aakulu ndi makaniko wa mathirakitala pa famu ija. Iwo ndi a gule, ine ndine wa mpingo. Pa maliro a mayi athu tinasiyana maganizo pa nkhani ya ng'oma ndi nyimbo, ndani ayambe ndani atsirize, ndipo tinauzana mawu amene sakanayenera kunenedwa mtembo uli m'nyumba. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni pamsewu ngati anthu odziwana pa chigayo. Ndinkawapempherera Lachinayi lililonse pa msonkhano wa amayi, mokweza, mwina mokweza kuposa mmene zinkafunikira.

Ndinamanga chitenje n'kuwoloka msewu. Ndinawapeza atagona pansi pa thirakitala, kukuoneka mapazi okha.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Mapaziwo anasiya kugwedera. Kenako anatuluka, akupukuta manja.

"Lero kugwa mvula mu Juni. Amayi a mpingo ku wekishopu? Mwabwera kudzatitembenuza, kapena mwasochera?"

"Ndabwera kudzapempha madzi a m'batire."

"A ubatizo atha?"

"Achimwene, nthawi ndilibe."

Ndinawafotokozera zonse, ndi katatu kaja komwe. Anaseka mpaka anagwira tayala. Anati iwo sukulu analekeza Giredi 3, koma ngakhale ataledzera sangathire madzi a pa chibhorani m'batire, chifukwa amapha batire ndi zoyera zake zija. Anati chinthu chimenechi chikudziwika ndi thirakitala iliyonse pa famu pano, chosadziwa ndi mpingo wokha. Ndinapirira. Malemba amati wodzichepetsa adzakwezedwa, koma sanena kuti kudzichepetsako kumatenga mphindi zingati.

Analowa m'kachipinda n'kutuluka ndi botolo lapulasitiki losatsegula.

"Sindikupatsa iwe," anatero. "Ndikupatsa mwana wa mlongo wanga. Ameneyo ndi mbumba yanga, akalowa m'shedi manyazi ndi anga. Thamanga, koma usadzazemo china panjira."

Aphunzitsi anayamba aviika kapepala koyesera m'madziwo, kuti atsimikize kuti achimwene sanatipatse asidi. Magetsi kunalibe, choncho ndinayatsa pulayimasi yanga yophikira tiyi. Anafunditsa madzi pang'ono, anakokota kabotolo kabulauni ndi kasupuni kagalasi mpaka kanalira, anasungunula, anasefa. Zinatuluka zosakwana theka la kapu, zoyera mbee. Anazitseka n'kuziika m'thumba la malaya awo kuti zisazizire, ndiponso, ndikuganiza, kuti zitalikirane ndi ine. Botolo la mkaka lija ndinalilowetsa pansi pa sinki, kuseri kwa ndowa.

Woyendera sukulu anali mayi wamkulu, wa magalasi okhala kumapeto kwa mphuno, wosaseka komanso wosakwiya. Anayendera mashelefu, anatsegula mpope wosatuluka madzi n'kuutsekanso, kenako anakhala pambali ndi buku lake. Ine ndinaima pakhomo la kumbuyo ndi kansalu m'manja. Ndinkafuna kuoneka ngati ndili pa ntchito, koma ndinali woonerera basi, wa mtundu uja amadulidwa.

Mizere imene ikubwerayi ndakopera m'kope la mwana wanga, limene ndimasunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo.

M'kachubu koyamba aphunzitsi anathira theka la mankhwala aja n'kuwonjezera asidi wa hayidirokoloriki. Sipanaoneke kanthu. Madzi analowa oyera, anatsala oyera. Ndinkayesa kuti ndawononganso zimenezi. Koma aphunzitsi anali osangalala. Analemba mzere wautali pa bolodi, ana n'kumatchula oti adulidwe. Sitironshiyamu anadulidwa, kolorayidi anadulidwa, poti onse awiri analowa osungunuka n'kutsala osungunuka. Panatsala kamzere kakafupi:

H⁺ + OH⁻ → H₂O

Ndiye kuti pa chikhamu chonse chija, amene anagwira ntchito anali awiri, ndipo chimene anapanga ndi madzi. Mwini dzina lalitali lija, amene ndinamuvutikira sabata yathunthu, anangokhala pa benchi la kumbuyo.

M'kachubu kachiwiri anathira zotsalazo, mpaka dontho lomaliza, n'kuwonjezera asidi wa salifiyuriki. Pomwepo munachita mtambo woyera, n'kuyamba kutsikira pansi. Ana ena anathamangira kudula monga poyamba, dzanja litazolowera. Aphunzitsi anawaletsa. Anati ulendo uno sitironshiyamu wagwirana ndi salifeti n'kupanga chinthu chosasungunuka, choncho palibe woonerera ngakhale mmodzi:

Sr²⁺ + 2OH⁻ + 2H⁺ + SO₄²⁻ → SrSO₄ + 2H₂O

Zimenezo zinandikhudza. Yemwe uja anangokhala pa msonkhano woyamba, pa wachiwiri ndiye anagwa pansi. Ndaonapo zoterozo pa chitsitsimutso.

Phunziro likanathera pamenepo. Koma mayi woyendera uja anadzuka kukasamba m'manja, anapeza mpope ndi wouma, anawerama kuti atunge m'ndowa, ndipo anaona botolo langa. Analitulutsa n'kulikweza m'mwamba.

"Ichi n'chiyani, aphunzitsi?"

Aphunzitsi sanazembe. Ananena zoona, kuti ndi mankhwala omwewo, koma mwalowa madzi a pa chibhorani.

"Alowa okha?"

Ndinakweza dzanja pakhomo paja, ngati mmene timachitira abusa akafunsa amene akufuna kupemphereredwa. Ana onse anatembenuka. Mwana wanga anayang'ana pansi.

Mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako analiika botolo patebulo la kutsogolo, pamalo pomwe ndinalipeza m'mawa.

"Chabwino," anatero kwa ana. "Izi sizinali m'phunziro limene mwakonzekera. Choyerachi n'chiyani? Ndani andilembere mzere wake womaliza?"

Aphunzitsi anayang'ana kudenga. Ine ndinayamba pemphero lopanda mawu. Ndiyeno ndinamva benchi likusuntha, ndipo mwana wanga anapita kutsogolo. Anatenga choko n'kulemba:

Sr²⁺ + CO₃²⁻ → SrCO₃

Mayiyo anamufunsa: "Wadziwa bwanji kuti ndi kaboneti? M'kachubu kaja munalinso zoyera, koma zinali salifeti."

"Ketulo ya kwathu imachita makoko oyera m'kati, madamu. Madzi ake ndi omwewa. Amayi amawachotsa ndi mandimu."

"Ndiye?"

"Ndiye tithire asidi woyamba uja. Ngati ndi kaboneti, zisungunuka n'kutulutsa mpweya. Ngati ndi salifeti, zitsala."

"Yesa."

Apa ndiye panaoneka ubwino umodzi wokha wa ntchito yanga: mankhwala a aphunzitsi anali atatha, koma anga analipo odzaza botolo. Mwana wanga anathira m'kachubu, anadonthezera asidi pang'onopang'ono. Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako munayamba kukwera timathovu ting'onoting'ono, ndipo mkaka uja unasanduka madzi mpaka tinkaona zala zake kuseri kwa galasi. Mayi woyendera anati zoyerazo sizinali za sitironshiyamu yekha, laimu wa m'madzi a pa chibhorani nayenso anagwa nawo pansi, ndipo anamulembetsa mzere wachiwiri wa ameneyo. Kenako anati popeza mkakawo ndi wambiri, benchi lililonse liyese lokha. Ana anayesa mpaka botolo linafika pakati. Ndinaliona lili latheka, ndipo ndinapinda manja kumbuyo.

Potuluka, mayiyo anaima pamene ndinali.

"Amai, labu yanu ndi yaukhondo," anatero. "Muzitsuka kunja kwa mabotolo. Za m'kati muziwasiyira aphunzitsi."

Ndinayankha kuti ndamva.

Sananene ngati tapambana kapena ayi. Tinadikira mpaka nyengo yofesa nazale za fodya. Masabata amenewo mwana wanga sanandinenepo mawu oipa, koma ndikamatunga madzi ankandifunsa mwaulemu ngati pali china chimene ndikufuna kudzaza. Kalata itabwera, aphunzitsi anandipeza ndikukolopa ndipo anandiwerengera okha. Chilolezo chinaperekedwa, pokhapokha sukulu ikonze mipope ndi kupeza kabati yokhoma ya mankhwala. Ndinawafunsa ngati kabatiyo inalembedwa chifukwa cha ine. Anati kalatayo sinatchule dzina la munthu.

Pa msonkhano wa amayi ndinapereka umboni. Ndinanena kuti Ambuye anatenga kupusa kwanga n'kukusandutsa phunziro. Aphunzitsi atamva anati iwo akuona kuti tinapambana ngakhale panali botololo, osati chifukwa cha botololo. Sindinatsutsane nawo. Iwo amadziwa za maayoni, ine ndimadziwa amene ndinalankhula naye pakati pa mabenchi, ndipo mpaka lero aliyense ali ndi mzere wake womaliza. Chimene tonse tinaona n'chakuti chaka chotsatira mwana wanga analowa Fomu 5 pa sukulu yomweyo, akugona kunyumba, ndipo m'shedi muja sanalowemo.

Panatsala botolo lapulasitiki la achimwene, madzi ake atathera ku labu. Linakhala pa windo la kukhitchini kwanga milungu ingapo, likundiyang'ana. Lamulo lachiwiri la mayi anga silinkandilola kulibweza lopanda kanthu, ndipo madzi okha amene ndinali nawo anali aja amapha mabatire. Ndinakazinga mtedza, n'kuulowetsa pa kakamwa kake kakang'onoko kamodzikamodzi, mpaka unafika pamwamba. Loweruka masana ndinawoloka msewu.

Achimwene analandira ndi manja awiri. Analikweza pa dzuwa, analikhutchumula pafupi ndi khutu, n'kuliyang'ananso.

"Ndikudikira kuti liyere ngati mkaka," anatero.

"Idyani mtedza, achimwene."

"Wadzaza kangati?"

"Kamodzi."

Anakoka chigubu cha mafuta n'kuchipukuta ndi chipewa chawo kuti ndikhalepo. Tinatafuna mtedzawo mpaka botolo linafika pakati, tikukamba za mwana, za denga la nyumba ya mayi limene linkadontha, ndi za amene adzalikonze mvula isanabwere. Za ng'oma ndi nyimbo sitinazikhudze tsiku limenelo. Ponyamuka anandiuza kuti mtedza wotsalawo ndiusiye momwemo, ndipo ndikadzabweranso ndisadzavutike kudzaza, iwo botolo latheka siliwachititsa manyazi. Ndinabwerako Loweruka lotsatira, ndi mtedza wina m'thumba.